Mashi a mbatatesi: kaphikidwe koti akhale chakudya chenicheni osati majarini okhaokha

Kuno ku Zomba mbatatesi ambirife timaidziwira pa chiwaya basi, ukangotsika minibasi pa depoti fungo la tchipisi lakulandira kale, ukapita ku Chinamwali zomwezo, Matawale zomwezo, Mpondabwino zomwezo, ku Chikanda kwa ana a sukulu kuja nde osakamba, moti ukamuuza munthu kuti mbatatesi ndi chakudya chabwinobwino cha thanzi amangoseka nkumati aaa zonenepetsa zija? Chonsecho chonenepetsacho si mbatatesiyo ayi, ndi mafuta omwe yasambamo aja. Mbatatesi yongowiritsa, magalamu 100, imakhala ndi makalori (muyezo wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka mthupi) osapitirira 90 ndipo mafuta mulibemo olo pang'ono tinganene, pomwe tchipisi cholemera chimodzimodzi chimafika cha m'ma 300 uko. Mbatatesi yake yomweyo, munda wake womwewo, chasintha ndi poto basi.

Nde mashi, mbatatesi yowiritsa nkuphwanya ija, ali pakati pa ziwirizi. Mutha kuwaphika nkukhala pafupi ndi mbatatesi yowiritsa ija, muthanso kuwathira zinthu mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi tchipisi, zonse zili m'manja mwa wogwira mthiko.

Choyamba tigwirizane kaye kuti mbatatesi si ndiwo

Apa mpomwe ambiri timasokonezera. Ku sikelo ndi ku maphunziro a zaumoyo aja amatiuza za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbatatesi ili mu gulu la zokhutitsa, pamodzi ndi nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ya kholowa ndi nthochi zophika. Olo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, akamanena kuti munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, mbatatesi ndi chinangwa samaziwerengera m'menemo. Koma ife timaiphika ndi tomato ndi anyezi nkuiyika pambali pa mpunga, mwinanso pa ukwati mbale imodzi yomweyo mpunga, tchipisi, makaroni, kenako kakabichi kochita kukasaka ndi foloko. Zokhutitsa zitatu mbale imodzi, kenako tikulozera chala mbatatesi kuti ndi yomwe yatikulitsa mimba kkkk. Tsiku la mashi, mashiwo ndi omwe alowa m'malo mwa nsima, ndipo akufunika ndiwo zawo.

Zomwe zili mkati mwake nzotani? Gawo lalikulu ndi madzi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Kenako sitachi, cha m'ma magalamu 17 mpaka 20 pa magalamu 100, ndi amene amakupatsani mphamvu uja. Mapuloteni ndi ochepa, magalamu 2 basi, abwino ndithu koma ochepa, simungamange nawo thupi la mwana paokha. Chomwe ine ndimaikondera ndi potaziyamu, yaiwisi imakhala ndi mamiligalamu opitirira 400 pa magalamu 100, kuposa nthochi yakupsa yomwe anthu amaitama ija yomwe ili cha m'ma 360. Potaziyamu ameneyu amathandiza minofu, kagundidwe ka mtima komanso amalimbana ndi mchere pa nkhani ya BP. Mulinso vitamini C wochulukirapo ndithu, pafupifupi mamiligalamu 20 ikakhala yaiwisi, ndi vitamini B6. Vuto lake vitamini C ndi potaziyamu onse awiri amathawira m'madzi mukamawiritsa, ndipo vitamini C amafanso ndi moto wambiri, nchifukwa chake kaphikidwe nkofunika kuposa momwe timaganizira.

Pogula

Mumsika waukulu wa Zomba mbatatesi sisowa, ina imachokera kutali ku Ntcheu ndi ku Dedza, madera ozizira a Tsangano, Lizulu ndi Bembeke aja, ina imatsika kuphiri konkuno, mukamakwera msewu wa ku Ku Chawe mumakumana nawo anthu akugulitsa pamodzi ndi masitiroberi. Ya mashi musalimbane ndi ting'onoting'ono tatsopano tokhala ndi khungu longosupuka ndi chala, timeneto ntabwino kuwiritsa tathunthu koma timakhala ndi madzi ambiri ndipo mashi ake amanata. Funani yokhwima, yaikulu bwino, yolimba mukaifinya, ndipo afunseni amayi ogulitsawo kuti amayi iyi ndi yaufa kapena yamadzi? Amadziwa katundu wawo anthu aja, ndipo ngati mumagula pa iwo kawirikawiri sangakunamizeni. Yaufa ndi yomwe imaphwanyika bwino.

Chomwe musachite chibwana nacho ndi mbatatesi yobiriwira ndi yophuka. Ikakhala padzuwa kapena powala nthawi yaitali khungu limasanduka lobiriwira, ndipo pamenepo pamakhala poizoni wotchedwa solanine, amachulukanso m'timaso tophuka tija. Ameneyu safa ndi kuwiritsa. Akachuluka amapweteketsa m'mimba, kusanza, kutsegula, mutu. Ngati pobiriwira ndi pang'ono dulani mozama kutaya, timaso kolowolani ndi nsonga ya mpeni, koma ngati yabiriwira theka lonse, yakwinyika, kapena mwailawa ikuwawa ndi kukereketa kukhosi, tayani basi, musamve chisoni ndi ndalama, makamaka ngati mukuphikira ana. Ndipo pamulu paja yang'anani zapansi, zokongola zimakhala pamwamba, izi nde tonse tikudziwa.

Kunyumba isungeni pamdima, pozizira, popita mphepo, mu dengu kapena mu saka ya mabowo, osati mu jumbo yomanga pakamwa chifukwa imachita thukuta nkuwola. Osaitsukiratu ngati simukuphika tsiku lomwelo.

Kuphika kwake

Tinene kuti mukuphikira anthu 4 kapena 5, kilogalamu imodzi ikwana, zomwe ndi mbatatesi zapakatikati 6 kapena 8.

Tsukani bwino kuchotsa dothi lonse, ndi kaburashi kapena chisponji chatsopano. Tsopano nkhani ya khungu. Mumva anthu akunena kuti zonse zabwino zili kukhungu, zimenezo nzokokomeza, potaziyamu ndi vitamini C wambiri ali mkati mu mnofumo. Koma khungu lili ndi ntchito ziwiri zenizeni, lili ndi faiba wothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino osadzimbidwa, komanso likakhalapo pophika limatchinga kuti zabwino zija zisathere m'madzi. Nde njira yomwe ine ndimaiona yanzeru ndi kuwiritsa yathunthu ndi khungu lake, ikapsa kuisenda ikadali yotentha, khungu limangochoka lopyapyala ndi zala olo ndi kampeni, simutaya mnofu. Inde imaotcha, gwirani ndi kansalu kapena ibayeni ndi foloko. Ngati kwanu sanyansidwa ndi tizikungu m'chakudya phwanyani ndi khungu lomwe, ya khungu lofiira ija imaoneka bwinonso. Ngati mwachedwa ndipo mukufuna zachangu, sendani mopyapyala, osati kusenda kwa mkwiyo kotaya theka la mbatatesi ku dzala, nkuidula zidutswa zikuluzikulu zofanana, pawiri kapena panayi basi. Mukadula ting'onoting'ono imapsa msanga zoona koma imamwa madzi ndipo mavitamini ambiri amatsalira mu poto. Komanso chizolowezi chosenda m'mawa nkuiviika mu beseni mpaka masana chija, siyani, mukutsuka zakudya zomwe mwagula ndi ndalama zanu.

Iyikeni mu poto ndi madzi ozizira, osati owira kale, ongokwana kuimiza pang'ono. Mukaiponya m'madzi owira kunja kumapsa nkuyamba kusungunuka mkati mukadali gwa, mapeto ake mashi a mibulu. Mchere pang'ono, theka la sipuni yaing'ono likwana pa kilogalamu. Vindikirani. Ikawira chepetsani moto, pa mbaula ingophulani makala ena kapena tsekani kachitseko kamphepo kaja, izingobwata pang'onopang'ono. Yodula imatenga mphindi 15 mpaka 20 chiwirireni, yathunthu 25 mpaka 35 kutengera kukula. Bayani ndi foloko, ikalowa osalimbana mpaka pakati yapsa, musadikire kuti isweke yokha.

Tsanulani madzi koma musataye onse, sungani kapu imodzi pambali, muli potaziyamu m'menemo ndipo tiwagwiritsa ntchito. Ngati munawiritsa ndi khungu madziwo akhale oti mbatatesi munaitsuka bwinodi ndipo inalibe zobiriwira. Kenako kanthu kamene ambiri amakadumpha: bwezerani poto uja pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri opanda chivindikiro, mukumugwedeza, kuti nthunzi ituluke mbatatesi iume. Mbatatesi youma imamwa mkaka bwino ndipo imakoma yokha, pomwe yamadzi imakhala yozizira mkamwa nde mpomwe munthu umayamba kuthira majarini ambirimbiri kufuna kuikometsa.

Phwanyani ikadali yotentha. Simukufunika chida cha mu shopu ayi, mthiko womwe mumavundulira nsima womwewo ukwana, foloko yolimba, kumbuyo kwa chipande, olo pansi pa kapu yachitsulo yotsuka bwino. Amene mukufuna osalala kwambiri a mwana kapena a wodwala, kanikizirani pa sefa ya waya ndi sipuni. Koma chonde blender ayi. Ndikudziwa kuti mwaigula modula ndipo magetsi akayaka mumafuna chilichonse chidutsemo, koma mipeni yake imaswa sitachi yense uja nkutuluka chinthu chonanda ngati ulimbo, chomata m'kamwa, ndipo palibe chokonza chake. Olo ndi mthiko womwe, musachite kutakasa ngati mukuvundula nsima ya anthu a pamaliro, mibulu ikatha siyani.

Zothiramo, apa nde pagona nkhani

Mashi a mkaka wokha opanda mafuta amangokhala cha m'ma makalori 80 mpaka 90 pa magalamu 100, pafupifupi chimodzimodzi ndi yongowiritsa ija. Mukathiramo majarini kapena batala mwa masiku onse amakwera kufika cha m'ma 110, ndipo a m'malesitilanti ena oterera kwambiri aja amaposa pamenepo kutalitali chifukwa batala ndi kirimu amathira mosaumira. Sipuni yaikulu imodzi ya majarini ndi makalori pafupifupi 100, ya mafuta ophikira 120. Nde werengani nokha mukamatapa Stork kapena Blue Band ndi chipande.

Pa kilogalamu ija, sipuni zazikulu ziwiri za majarini nzokwana, ndi mkaka pafupifupi kapu imodzi osadzadza. Mkakawo muutenthetse kaye, wozizira umaziziritsa mashi nkuwalimbitsa, ndipo ngati ndi wogula kwa alimi a ng'ombe wa m'mabotolo uja uwire ndithu osati kungofunda. Thirani pang'onopang'ono mukusakaniza mpaka afewe momwe mukufunira, akalimbabe onjezerani madzi a mbatatesi munasunga aja m'malo mothamangira mafuta ena. Mkaka ukuwonjezerani mapuloteni ndi kashiamu, zomwe mbatatesi ilibe zambiri. Wa ufa ulinso bwino, sungunulani kaye. Koma zoyeretsa tiyi zija, za mtundu wa Cremora, si mkaka anzanga, ndi mafuta ndi shuga wa glucose, werengani papaketi pomwepo muona, sizingapatse mwana zomwe mkaka umapatsa. Chambiko nayenso amakoma heve mu mashi, kakuwawasa kake kamapangitsa kuti musafune mchere wambiri, muthireni kumapeto mutaphula kuti asabulike.

Koma ine ndikanakhala kuti ndikusankhira dziko lonse, ndikanati nsinjiro. Futali timamudziwa tonse, mbatata ya kholowa kapena maungu otendera, nde palibe chifukwa choti mbatatesi ikhale ya majarini okha ngati kuti ndi chakudya cha azungu chosafunika kuchikhudza. Mtedza uli ndi mapuloteni cha m'ma magalamu 25 pa magalamu 100, ndipo mafuta ake ndi abwino ku mtima kuposa a batala. Kachitidwe kake: tengani masipuni aakulu 4 kapena 5 a nsinjiro zosefa, sungunulani mu kapu ya madzi a mbatatesi aja, ikani mu kapoto kena pamoto wochepa mukutakasa kwa mphindi ngati 10 mpaka zilimbe ndipo fungo la uwisi lithe, kenako nkuthira mu mbatatesi yophwanya ija nkusakaniza. Mukangowaza nsinjiro zaziwisi pamwamba nkuphula zimanunkha uwisi ndipo ena zimawatsegula m'mimba. Mukafuna mutha kuphikira limodzi ndi anyezi ndi tomato mmodzi. Musanamizidwe kuti nsinjiro nzopanda mafuta, mtedza uli ndi makalori opitirira 550 pa magalamu 100, nde si zothira mbale yonse, kungoti mafutawo akubwera ndi zomanga thupi, sakubwera okha. Ndipo mtedza wosinjawo usankheni, wonyala, wakuda, wowawa, wachuku tayani, chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi ndipo naye safa ndi moto. Nsinjiro zogula zosinjasinja m'timapepala simudziwa kuti anasinja wotani, bola kusinja nokha kapena kugula kwa munthu yemwe mumamudziwa.

Nyengo ya mapeyala, ndipo Zomba mapeyala ndi kwawo, peyala limodzi lakupsa bwino limalowa m'malo mwa majarini onse. Liphwanyeni palokha ndi timadontho ta ndimu nkusakaniza mutaphula kale, pamoto limawawa. Mashi ake amakhala obiriwira ndipo ndi odyeratu nthawi yomweyo, akakhalitsa amada.

Zokometsera zina nzosavuta. Adyo, tizidutswa 3 kapena 4, muponye mu poto powiritsa paja kuti apsere limodzi nkuphwanyikira momwemo, ukali wake umatha. Anyezi wamasamba wodula bwino. Tsabola wakuda, kapena kambuzi pang'ono kwa olimba mtima. Zimenezi zikakhalamo simufunanso timakyubu ndi timapaketi ta supu tija, tomwe kwenikweni ndi mchere wokhawokha. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasipuni kakang'ono kamodzi osadzadza, kuwerengera zonse, wa mu ndiwo, wa mu buledi, wa mu usipa wouma, wa pa tchipisi. Nde lawani kaye musanawonjezere, ndipo mcherewo ukhale wa ayodini.

Kusakaniza ndi zina

Mashi oyera mbuu ndi okongola koma amene amakhala ndi zakudya zambiri ndi osakaniza. Chophweka kwambiri ndi theka mbatatesi theka mbatata ya kholowa yofiira mkati ija, mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Chipika, imene alangizi akhala akulimbikitsa chifukwa cha vitamini A yemwe mbatatesi ilibe. Vitamini A ndi wa maso ndi chitetezo cha mthupi, ndipo kuti alowe bwino amafuna mafuta pang'ono, nde nsinjiro zija zikugwiranso ntchito apa. Maungu ndi karoti zimachitanso chimodzimodzi, karoti mudule mopyapyala chifukwa amachedwa kupsa, maungu muwaike mochedwerapo chifukwa amafulumira ndipo amatulutsa madzi nde mkaka muchepetse.

Nyemba zophika kale zotsala dzulo, kapena nandolo, kapena nsawawa, kapu imodzi pa kilogalamu, kuphwanyira limodzi, apo nde mwapanga chakudya chokhalitsa m'mimba chomwe munthu angapite nacho kumunda kapena kukapalasa kabaza osamva njala 10 koloko. Ku Kenya ali ndi chakudya chotchedwa mukimo, mbatatesi yophwanya pamodzi ndi nsawawa, chimanga ndi masamba a maungu, nkhwani wathu yemweyu, ndipo ku Ireland ali ndi colcannon yomwe ndi mashi a kabichi. Nde nkhwani wosadzula bwino, bonongwe, mpiru kapena chayinizi, duladulani, phikani pang'ono osathira soda, finyani madzi nkusakaniza. Soda uja amafewetsa zoona koma amapha mavitamini ena. Ana okana masamba ambiri amadya osadziwa akakhala mu mashi, ena amatulukira ndithu nkuyamba kusankha, amenewo nde ndi akatswiri.

Pambale

Muyezo wosavuta ndi chibakera chanu, mashi okula chomwecho, kapena kuposerapo pang'ono ngati mumagwira ntchito ya thukuta. Mashi ali ndi kavuto koti safuna kutafuna, amangotsetsereka, nde umatha kudya mbatatesi 5 osazindikira pomwe zathunthu ukanalekera pa 2. Theka la mbale likhale masamba, mpiru wotendera, kabichi, therere, saladi wa tomato ndi anyezi, chilichonse chomwe chilipo. Kotsalako ndiwo zomanga thupi, matemba a ku Chilwa okazinga ndi tomato amayenda bwino kwambiri ndi mashi kuposa momwe mungaganizire, usipa, mlamba wowamba, mazira, nyemba, soya pieces, nkhuku ikapezeka. Tinsomba todya ndi minga tomwe tija timapereka kashiamu wambiri. Msuzi wake ukhale wa tomato osati mafuta oyandama, chifukwa mutha kusamala majarini mu mashi nkudzathira mafuta onsewo pamwamba kudzera mu msuzi. Ndipo vitamini C wa mu mbatatesi, tomato ndi ndimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pomwe tiyi amatchinga, nde tiyi adikire kaye ola limodzi mukatha kudya.

Amene muli ndi shuga, BP kapena impso

A matenda a shuga tamverani. Mbatatesi imakweza shuga m'magazi mwachangu, ndipo yophwanya yotentha imakweza mwachangu kuposa yathunthu chifukwa ntchito yogaya yachitikira kale mu poto. A mu paketi ongothira madzi otentha aja nde oipitsitsa pa nkhani imeneyi, komanso amakhala ndi mchere wambiri. Sindikuti musalawe, koma pang'ono, theka la chibakera chija, osadya okha, muzidya ndi nyemba, masamba ambiri ndi nsomba kapena dzira, zimenezi zimachedwetsa shuga kulowa. Osakaniza nyemba aja ndi omwe ali bwino kwa inu kuposa oyera. Palinso kanthu kena, mbatatesi yophika ikazizira, makamaka ikagona mu fuliji, gawo lina la sitachi limasintha nkukhala losagayika msanga, nde yozizira kapena yotenthetsanso imakweza shuga mocheperako kuposa yongophula kumene. Mocheperako, osati kuti yasanduka mankhwala. Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani patatha maola awiri mutadya muone momwe thupi lanu lachitira, ndipo zomwe anakuuzani ku kiliniki ya shuga zikhale patsogolo pa zanga.

A BP mbatatesi si mdani wanu, mdani ndi mchere, makyubu, soseji ndi majarini amchere omwe amaperekeza. Phikani ndi adyo ndi chambiko, mchere wongonunkhiza.

Koma amene adokotala anakuuzani kuti impso sizikugwira bwino ndipo muchepetse potaziyamu, zonse ndanena zosunga madzi zija kwa inu zitembenuzeni: sendani, dulani ting'onoting'ono, wiritsani m'madzi ambiri, madziwo tayani onse, ndipo kuchuluka kwake mufunse kuchipatala. Mapeyala ndi nsinjiro nazonso zili ndi potaziyamu wambiri nde musamangothira.

Ana ndi odwala

Mwana asanakwane miyezi 6 ndi bere lokha, olo apongozi anene kuti akulira njala. Akakwana miyezi 6 mashi ndi chakudya chabwino choyambira pambali pa phala, koma mbatatesi ndi madzi basi sizokwanira, kamimba kake nkakang'ono nde sipuni iliyonse izikhala ndi kanthu. Thiranimo kasipuni ka nsinjiro zophika, kapena dzira lowiritsa lophwanya, kapena ufa wa usipa kapena matemba okazinga osinja nkusefa, mbatata yofiira ija, timasamba tosinja, kadontho ka mafuta. Mchere ayi, makyubu ayi, mbatatesiyo muwiritse opanda mchere nkutapa gawo lake musanathire zimenezo. Akhale olimbirako oti akhazikike pa sipuni osati amadzimadzi omwetsa, ndipo akamakula muzisiya timibulu kuti aphunzire kutafuna, ana ozolowera zosalala zokhazokha amavuta kudzadya nsima. Kuyamwitsa kupitirire.

Kwa agogo opanda mano, munthu wa zilonda mkamwa, amene wachotsedwa dzino, kapena wongodzuka kumene ku malungo yemwe fungo la mafuta likumuchititsa nseru, mashi ofunda ofewa amalowa pomwe nsima yakanika. Apa nde mutha kumasuka ndi mkaka, dzira ndi majarini chifukwa cholinga nchoti abwezeretse thupi. Wotsegula m'mimba mupatseni opanda mafuta ambiri, koma Thanzi ORS asasiye, mashi salowa m'malo mwa madzi otayika.

Zotsala

Mashi a mkaka sachedwa kusasa, makamaka kukatentha mwezi wa Okutobala ndi Novembala uko. Asakhale pa tebulo kupitirira maola awiri. Ngati muli ndi fuliji aikeni mu kontena yovindikira, amakhala masiku 3, koma magetsi akazima tsiku lonse musawakhulupirire, ndipo ngati fuliji mulibe ingophikani okwana kudya nthawi imodzi. Potenthetsa thirani timkaka kapena timadzi, moto wochepa, mukutakasa mpaka atenthe kutulutsa nthunzi mpaka pakati, kamodzi kokha, osati kutenthetsa lero mawa nkutenthetsanso. Ozizira olimba aja mutha kuwasakaniza ndi dzira limodzi, anyezi, nsomba yotsala yochotsa minga ndi masipuni awiri a fulawa, kuumba timabulunga tophwatalala nkuwotcha pa pani yongopaka mafuta, mbali iliyonse mphindi 3 kapena 4 mpaka tifiire, tikazizira pang'ono nkuwalongedzera ana popita ku sukulu.